Mgwirizano wa osewera ndi eni matimu a basketball: momwe umayendera ndi zomwe malamulo a dziko lino akunena

Masewero a basketball akukula mu mzinda wa Lilongwe, ndipo pamene matimu a m'dziko muno ayamba kupikisana ndi anzawo a m'maiko ena, nkhani ya ubale wa osewera ndi eni matimu yayamba kufunika kuilingalira mofatsa. Wosewera akavulala pabwalo, payenera kudziwika yemwe alipire kuchipatala. Akafuna kusamukira ku timu ina, payenera kukhala ndondomeko yoti aitsate.

M'maiko momwe basketball ndi ntchito yolipidwa, nkhani zotere zimalembedwa mu mgwirizano umodzi waukulu womwe osewera onse amakambirana ndi eni matimu kudzera m'bungwe lowaimira. Mgwirizanowu ndi wosiyana ndi kontilakiti yomwe wosewera aliyense amasainira payekha ndi timu yake. Mgwirizano waukulu umaika malire ndi mfundo zomwe kontilakiti iliyonse iyenera kutsatira, monga malipiro otsikitsitsa, penshoni, thandizo la chipatala, masiku opuma komanso njira yothetsera mikangano.

Ogwira ntchito m'boma sangadabwe ndi dongosolo limeneli chifukwa likufanana ndi momwe bungwe la Civil Servants Trade Union limakambirana ndi nthumwi za boma pa za malipiro m'malo mwa mamembala ake onse.

Momwe basketball ilili m'dziko muno

Masewerowa amayendetsedwa ndi bungwe la Basketball Association of Malawi, lomwe anthu amalidziwa ndi dzina lachidule loti BASMAL. Pansi pake pali maligi a m'zigawo, ndipo matimu a mu Lilongwe amasewera mu ligi ya chigawo chapakati ya CEZOBAL. Bungwe la BASMAL, monga mabungwe ena a zamasewero, lili pansi pa khonsolo ya Malawi National Council of Sports, ndipo kunja kwa dziko lino limatsatira malamulo a bungwe la FIBA lomwe limayang'anira basketball pa dziko lonse.

Osewera ambiri m'maligi amenewa ndi ophunzira kapena anthu omwe ali ndi ntchito zina, ndipo basketball si imene imawadyetsa. Thandizo lomwe ena amalandira limabwera ngati alawansi, ndalama yoyendera kapena fizi ya sukulu. Timu ya Bravehearts ya mu Lilongwe, yomwe adaiyambitsa a Griffin Kalua, imadziwika ndi ntchito yolipirira maphunziro achinyamata omwe ali ndi luso la masewerowa.

Zinthu zidayamba kusintha pomwe mabungwe a NBA ndi FIBA adakhazikitsa ligi ya Basketball Africa League, yomwe masewero ake oyamba adachitikira ku Kigali m'dziko la Rwanda m'chaka cha 2021. Matimu omwe akufuna kulowa mu ligiyi amadutsa m'ndime zachipulula zotchedwa Road to BAL. Timu ya Bravehearts yakhala ikuimira Malawi m'ndimezi, monga momwe Matero Magic ya ku Lusaka yakhala ikuimira Zambia. Pa mlingo umenewu matimu amakumana ndi osewera olipidwa, ndipo timu yofuna kulimbana nawo imakakamizika kulemba osewera pa kontilakiti, ena mwa iwo ochokera kunja.

Mzinda wa Lilongwe udapezanso bwalo lamakono la Griffin Saenda lomwe boma lidamanga pokonzekera masewero a achinyamata a m'chigawo cha Region 5 omwe adachitika mu Disembala 2022.

Kumene mgwirizano wotere udayambira

Chitsanzo chodziwika kwambiri chili mu ligi ya NBA ya ku America yomwe ili ndi matimu 30. Bungwe la osewera ake, la National Basketball Players Association, lidakhazikitsidwa mu 1954 motsogozedwa ndi Bob Cousy wa timu ya Boston Celtics. Kwa zaka zingapo eni matimu sadalilabadire kwenikweni.

Mu Januwale 1964, ku Boston, osewera otchuka omwe adasankhidwa kusewera masewero a All-Star adakana kutuluka m'chipinda chosinthira zovala mpaka eni matimu atalonjeza kukhazikitsa penshoni. Kaamba koti masewerowo amayenera kuonetsedwa pa wailesi ya kanema, eni matimu adagonja.

Mu 1970, Oscar Robertson, yemwe panthawiyo adali mtsogoleri wa bungwe la osewera, adakasuma ku khoti potsutsa lamulo lomwe linkamanga wosewera ku timu imodzi ngakhale kontilakiti yake itatha. Mlanduwo udatha mu 1976 pomwe mbali ziwirizo zidagwirizana, ndipo izi zidatsegula njira yoti wosewera azitha kusankha timu kontilakiti yake ikatha.

Mgwirizano wa 1983 udabweretsa mfundo ziwiri zomwe zikugwirabe ntchito. Yoyamba ndi yoti osewera azilandira gawo lodziwika la ndalama zomwe ligi imapeza, lomwe panthawiyo lidali 53 pa 100 iliyonse. Yachiwiri ndi malire a ndalama zomwe timu imodzi ingalipire osewera ake onse pachaka. Malirewa atayamba kugwira ntchito mu sizoni ya 1984/85 adali madola 3.6 miliyoni, koma pofika sizoni ya 2024/25 adali ataposa madola 140 miliyoni. Cholinga cha malirewa n'chakuti matimu olemera asamatenge osewera onse aluso n'kusiya ligi yopanda mpikisano.

Zokambirana zikalephereka

Pa mikangano ya pantchito pali zida ziwiri. Antchito akhoza kunyanyala ntchito, pomwe olemba ntchito akhoza kuwatsekera kunja ndi kuimitsa malipiro. Mu NBA chida chachiwirichi n'chomwe chakhala chikugwiritsidwa ntchito.

Mu Julaye 1998 eni matimu adatsekera osewera kunja ndipo mkanganowo udatha mu Januwale 1999. Timu iliyonse idasewera magemu 50 m'malo mwa 82, ndipo mgwirizano watsopano udaika malire a malipiro omwe wosewera mmodzi angalandire.

Izi zidachitikanso mu 2011 kwa masiku 161. Sizoni idayamba pa 25 Disembala ndipo timu iliyonse idasewera magemu 66. Gawo la osewera pa ndalama za ligi lidatsika kuchoka pa 57 kufika pakati pa 49 ndi 51 pa 100 iliyonse. Kupatula osewera ndi eni matimu, omwe adataya ndalama panthawiyi adali ogwira ntchito m'mabwalo a masewero ndi amalonda ang'onoang'ono omwe amadalira anthu obwera kudzaonerera.

Kuchokera nthawi imeneyo mbali ziwirizi zidagwirizana mu 2017 ndi mu 2023 popanda kuimitsa masewero. Mgwirizano wa 2023 udayamba kugwira ntchito pa 1 Julaye chaka chomwecho ndipo udakonzedwa kuti ufike sizoni ya 2029/30. Mwa zina, udakhwimitsa zilango kwa matimu omwe amaononga ndalama zambiri kuposa malire.

Osewera achizimayi a mu ligi ya WNBA adakhazikitsa bungwe lawo mu 1998 ndipo adasainira mgwirizano wawo woyamba mu 1999. Mgwirizano wa 2020 udapereka malipiro onse kwa wosewera yemwe ali pa tchuthi cha uchembere.

Zomwe malamulo a Malawi akunena

Dziko lino lili kale ndi malamulo omwe angagwire ntchito pa mgwirizano wotere. Gawo 31 la malamulo aakulu oyendetsera dziko limapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito mwachilungamo ndi motetezeka, kulandira malipiro oyenera, kukhazikitsa kapena kulowa bungwe la apantchito komanso kunyanyala ntchito. Malawi adavomerezanso mapangano a bungwe la ILO, la nambala 98 lokhudza kukambirana pamodzi mu 1965 ndi la nambala 87 lokhudza ufulu wopanga mabungwe mu 1999.

Lamulo la Labour Relations Act la 1996 ndi lomwe limafotokoza momwe bungwe la apantchito limalembetsedwera ndi momwe limakambirana ndi olemba ntchito. Malingana ndi lamuloli, antchito okwana 20 pa 100 aliwonse pamalo a ntchito akakhala mamembala a bungwe, wolemba ntchito ayenera kukhala nalo pansi kukambirana. Lamuloli limavomereza sitalaka komanso kutsekera antchito kunja, koma pokhapokha njira zoyanjanitsa mbali ziwirizo kudzera ku unduna wa zantchito zitalephereka ndipo chidziwitso chitaperekedwa. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo idasintha lamuloli kuti wolemba ntchito athe kudula malipiro a antchito omwe anyanyala ntchito kuposa masiku atatu pachaka.

Malamulo aakulu oyendetsera dziko adakhazikitsa khoti la Industrial Relations Court lomwe limamva milandu ya pantchito, ndipo lili ndi ofesi mu Lilongwe.

Lamulo la Employment Act la 2000 limazindikira makontilakiti a mitundu itatu: ya nthawi yopanda malire, ya nthawi yoikika ndi ya ntchito inayake yapadera. Kontilakiti ya wosewera ya sizoni imodzi kapena ziwiri ingagwere m'gulu lachiwirilo. Lamuloli limapereka tchuthi cha uchembere cha masabata asanu ndi atatu kamodzi pa zaka zitatu, limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14 komanso limateteza achinyamata osakwana zaka 18 ku ntchito zomwe zingaononge thanzi kapena maphunziro awo. Mfundo imeneyi ndi yofunika pa masewero omwe osewera ambiri amayamba ali pa sukulu.

Palinso lamulo la Workers' Compensation Act la 2000 lokhudza chipukuta misozi kwa wovulala pantchito, komanso lamulo la penshoni lomwe limati wolemba ntchito azisonkha 10 pa 100 ya malipiro ndipo wantchito azisonkha 5.

Chitetezo chonsechi chimafika kwa munthu yemwe lamulo likumuona kuti ndi wantchito. Wosewera yemwe amangolandira alawansi pa mgwirizano wapakamwa zingamuvute kutsimikizira khoti kuti adalembedwa ntchito. N'chifukwa chake kontilakiti yolembedwa ndi poyambira pa zonse.

Malamulo a FIBA

Wosewera wosamukira ku timu ya dziko lina amafunika kalata yomumasula kuchokera ku bungwe la basketball la dziko lomwe amasewera. Kalatayi ikhoza kukanizidwa ngati wosewerayo adakali ndi kontilakiti ndi timu yake yakale. Timu yomwe ilibe kontilakiti yolembedwa ilibe poimira wosewera wake waluso akatengedwa ndi timu yakunja.

FIBA idakhazikitsa bwalo loweruza mikangano ya makontilakiti, lomwe tsopano limatchedwa Basketball Arbitral Tribunal ndipo likulu lake lili ku Geneva. Bwaloli limamva mlandu pokhapokha ngati mbali ziwirizo zidalemba mu kontilakiti kuti zidzapita kumeneko pakadzabuka mkangano. Timu yokana kulipira zomwe bwaloli lagamula ikhoza kuletsedwa kulemba osewera atsopano ochokera kunja. Atsogoleri a matimu a m'dziko muno omwe akulemba osewera akunja ayenera kuwerenga bwino ndime imeneyi asanasainire.

Zoyenera kuziganizira

Dongosolo la NBA silingatengedwe monga lilili n'kuikidwa ku Malawi, chifukwa limadalira ndalama zankhaninkhani za wailesi za kanema ndi otsatsa malonda. Matimu a kuno amadalira thumba la mwini timu, makampani ochepa othandiza ndi anthu akufuna kwabwino, ndipo kukakamiza timu yotere kulipira malipiro apamwamba kungachititse kuti itseke.

Komabe pali mfundo zomwe sizifuna ndalama zambiri. Bungwe loyendetsa masewero likhoza kukonza kontilakiti yachitsanzo yomwe matimu onse angagwiritse ntchito, yofotokoza nthawi ya mgwirizano, zomwe wosewera azilandira, yemwe alipire akavulala ndi momwe angasamukire. Likhoza kukhazikitsanso komiti yomva madandaulo momwe osewera ali ndi owaimira. Pa wosewera yemwe timu ikumulipirira sukulu, pafunika kulemba momveka ngati thandizolo lipitirire iye akavulala kapena akasiya kusewera.

Nkhaniyi ikukhudza maofesi angapo a ku Capital Hill, makamaka oona zamasewero, zantchito ndi zamaphunziro, chifukwa wosewera yemweyo akhoza kukhala wophunzira komanso wantchito pa nthawi imodzi.