Mbiri ya Kuwala Kozungulira: Kuchokera ku Stanford Kufikira ku Trieste

Kuwala kumayenda m'mafunde, ndipo monga chingwe chimene munthu achigwedeza atagwira nsonga yake, mafundewo angathe kukwera ndi kutsika, kupita cham'mbali, kapena kuzungulira kumanja ngakhale kumanzere; tsono iye amene alamula kagwedezekedwe kameneka ali nayo mfungulo ya zinsinsi za maginito, ndiponso za timamolekyulu timene tili ndi mtundu wa kumanja ndi wa kumanzere.

Pamene John Madey wa ku Stanford, m'dziko la Amereka, analongosola m'chaka cha 1971 kuti maelekitironi othamanga pafupi ndi liwiro la kuwala, akakhotetsedwa pakati pa maginito, angathe kubala cheza cha laser, ndipo pamene makina ake anawala m'chaka cha 1977, maginito ake anali opotana, kotero kuti kuwalako kunatuluka kozungulira. Koma obwera pambuyo pake, pofunafuna cheza champhamvu ndi cha mafunde aafupi, anasankha maginito oyalidwa m'mizere iwiri yoyang'anizana, pakuti ndiwo osavuta kumanga molondola. Motero makina a FLASH ku Hamburg mu 2005 ndi a LCLS ku California mu 2009 anapatsa akatswiri kung'anima kwa mafemtosekondi, nthawi imene maatomu asuntha, koma kogwedezeka mbali imodzi yokha. Ofufuza za maginito anaumva umphawi umenewu, popeza kuyambira 1996, pamene anaona ku Strasbourg kuti nickel ataya mphamvu yake ya maginito isanathe pikosekondi imodzi, analakalaka cheza chozungulira choti aonere nacho chozizwitsacho.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ku Japan, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, Shigemi Sasaki anali atakonza kale maginito a mizere inayi, otchedwa APPLE-II, imene ikasendezedwa wina kutsogolo wina kumbuyo isintha njira ya maelekitironi, kuwala nakusintha pamodzi nayo; ndipo a ku Trieste, m'dziko la Italy, ndiwo analimba mtima kumanga makina awo a FERMI pa maziko amenewa, nawayatsa mu 2010, nalengeza mu 2014 kuti kagwedezekedwe kalikonse kali m'manja mwawo. Kwa ine, nzeru yawo inali kuganizira chinthuchi asanayale maginito ngakhale amodzi.

A ku LCLS ku California, amene maginito awo anali atayalidwa kale, anaika kumapeto kwa mzere wawo chipangizo cha Delta, chotalika mamita 3.2, chimene Alexander Temnykh wa ku Cornell anachilingalira, ndipo iwo anatsata uphungu wa akatswiri Schneidmiller ndi Yurkov wa kufooketsa dala kuwala kwa maginito oyamba kuti kozungulirako kuoneke koyera. Zotsatira zake anazifalitsa mu 2016, patapita zaka 39 chiwalire makina a Madey.