Kukomoka: Si Tulo, Tisachedwe

Kukomoka ndi pamene ubongo wasiya kuzindikira zochitika, munthu osadzuka ngakhale kumutsina. Shariya simuwerengera tchimo wokomoka, koma wudhu wake umaonongeka. Akatsitsimuka achitenso wina.

Kuno kunyanja, mwana akatentha thupi, kuphupha n'kukomoka, timafulumira kutchula majini. Kawirikawiri amakhala malungo ofika kuubongo. Madotolo amayesa kukomokako ndi Blantyre Coma Scale, muyeso womwe Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor adafalitsa mu 1989: amaona maso, kaliridwe, ndi momwe mwana akusunthira akamva ululu, kuyambira 0 mpaka 5.

Tisamumwetse kanthu, angatsamwe. Timugoneke cham'mbali, tithamange naye kuchipatala cha boma cha Salima. Dua tizichita tili m'njira.