Dzimbiri Loteteza Mfuti

Kuyambira kale mdani wamkulu wa mfuti ndiye dzimbiri. Asilikari a ku England ankapukuta mipope ya mfuti zao ndi fumbi la njerwa kufikira itanyezimira, koma kupukutako kunkadya citsulo, ndipo kunyezimirako kunkaulula kwa adani pamene iwo ali.

Tsono amisiri a ku London ndi Birmingham anali ndi nzeru yodabwitsa, yogonjetsa dzimbiri ndi dzimbiri lomwe. Ankapaka mpope mankhwala a asidi, nausiya kuti ucite dzimbiri. Kenaka ankaupala ndi timawaya tofewa, naupakanso. Atabwereza cotero masiku angapo, citsulo cinkasanduka cofiirira, ndipo akacipaka mafuta kapena phula, cinyontho sicinkaciononganso msanga. Mfuti ya Ezekiel Baker, imene ankhondo a ku England anayamba kugwiritsa nchito m'caka ca 1800, inali yotere.

Kuno kwathu, mfuti za gogodera zinafika ndi amalonda a minyanga. Eni ace ankazisamala mwa njira yaoyao: ankakhomera timisomali ta mkuwa pa mtengo wace, ndipo pong'aluka ankakulungapo cikopa caciwisi, cimene cikauma cinkamanga kolimba zedi.