Ana a m'maesiteti a fodya ku Kasungu: n'chiyani chimawajombetsa kusukulu?

Maphunziro aulere a pulayimale anayamba m'Malawi mu 1994, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 linalamula kuti mwana aliyense azipita kusukulu. Komabe m'madera olima fodya a boma la Kasungu, kulembetsa dzina m'kaundula ndi kupezeka m'kalasi tsiku ndi tsiku ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Gwero la vutoli

Ambiri mwa ana ojomba ndi a mabanja ogwira ntchito m'maesiteti, omwe ena mwa iwo anachokera kutali monga ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe. Pa dongosolo la utenanti, banja limapatsidwa munda, zipangizo ndi chakudya pangongole, n'kudzalandira malipiro fodya akagulitsidwa. Popeza phindu limadalira kuchuluka kwa zokolola, dzanja lililonse m'banjamo limafunika, la mwana lomwe.

Nyengo nayo imathandizira kujombaku. Teremu yachiwiri, yomwe imayamba mu Januwale, imakumana ndi ntchito yothyola fodya, kusoka ndi kupachika m'zigafa. Ndiyonso miyezi ya njala, pamene nkhokwe zagona ndipo mitsinje yadzaza, moti mwana wamng'ono sangawoloke. Msika wa Chinkhoma ukatha, mabanja ena amasamukira ku esiteti ina kapena kubwerera kwawo, mwana n'kutaya chaka chonse. Kugwira masamba onyowa kumalowetsanso nikotini m'thupi kudzera pakhungu, zomwe zimadzetsa mutu, chizungulire ndi nseru.

Mbiri ya William Kamkwamba wa ku Wimbe, yemwe analeka sukulu ya sekondale posowa fizi pa njala ya 2002, ikuonetsa mmene umphawi ungatayitsire dziko luso losowa.

Zomwe malamulo akunena

Lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14. Mu 2019 dziko la America linaletsa kwa kanthawi fodya wa Malawi kulowa m'dzikolo kaamba ka malipoti a kugwiritsa ana ntchito, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti. Koma lamulo limagwira ntchito pokhapokha alipo oyendera maesiteti akutali, komanso ngati makolo akulandira malipiro okwanira kuti asadalire thukuta la ana.

Njira zomwe zikuyesedwa

Phala la kusukulu ndi imodzi mwa njira zodziwika: bungwe la Mary's Meals linayamba ntchitoyi m'Malawi mu 2002, ndipo mwana wodziwa kuti akadya sachedwa kudzuka. Ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, yomwe inayambira ku Mchinji mu 2006, imawonjezera kangachepe kwa banja lomwe lili ndi ana a sukulu. Magulu a amayi amalondola atsikana osiya sukulu, mothandizidwa ndi mfundo ya 1993 yolola wobereka kubwerera m'kalasi. Mafumu ena akhazikitsa malamulo olipiritsa makolo ojombetsa ana, ndipo m'midzi ina ya Chigawo cha Pakati Gule Wamkulu amaperekeza ana kusukulu. Kumanga timasukulu ta makalasi oyambirira pafupi ndi midzi, pamodzi ndi nyumba za aphunzitsi, kumafupikitsa mtunda.

Palibe njira imodzi yokwanira payokha. Phala silingathandize mwana yemwe ali tsidya la mtsinje wopanda mlatho, ndipo chindapusa cha mfumu sichidzaza nkhokwe ya banja lomwe likudikira malipiro a kumapeto kwa msika.