Njanji, Thonje ndi Ngongole: Ubale wa Zambia ndi China Tikauonera ku Sasare

Ku Sasare, kum'mawa kwa Zambia, alendo ochokera kutali sanayambe lero kubwera. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, azungu anafika m'dera lino akununkhiza golide, nakumba mgodi umene unali m'gulu la migodi yoyambirira ya Northern Rhodesia. Golideyo anapita kutsidya kwa nyanja, maenje n'kutsalira eni nthaka. Choncho munthu wa kuno akamva kuti dziko lakutali likufuna ubwenzi, amayamba wafunsa kuti likubweretsa chiyani ndipo likutenga chiyani. Funso lomweli n'loyenera kulifunsa pa ubale wa Zambia ndi China.

Ubalewu ndi wamkulu msinkhu ngati dziko lenilenilo. Zambia inalandira ufulu pa 24 October 1964, ndipo patangopita masiku asanu, pa 29 October, maiko awiriwa anagwirizana zotumizirana akazembe. Anzathu a ku Malawi anatenga njira ina: Kamuzu Banda anagwirana chanza ndi Taiwan, ndipo dzikolo linatembenukira ku Beijing kumapeto kwa 2007.

Chimene chinalimbitsa ubalewo ndi mavuto. Pa 11 November 1965 Ian Smith analengeza kuti Rhodesia yadzilamulira yokha pansi pa azungu ochepa, pamene mkuwa wa Zambia unkatulukira kumwera komweko. Dziko lopanda doko linali ngati munthu amene khomo la nyumba yake lili m'bwalo la mdani. Kenneth Kaunda wa Zambia ndi Julius Nyerere wa Tanzania ankafuna njanji yopita ku Dar es Salaam, koma maiko a azungu ndi World Bank anaona kuti singabweze ndalama. Kaunda anapita ku Beijing mu June 1967, ndipo mu September chaka chomwecho pangano linasainidwa. China, imene nayonso inali yosauka nthawi imeneyo, inapereka ngongole yopanda chiwongoladzanja, inatumiza akatswiri ndi antchito zikwizikwi. Ntchito inayamba mu 1970, inatha mu 1975, ndipo mu 1976 njanji ya TAZARA, yotalika makilomita 1,860 kuchokera ku Dar es Salaam mpaka ku Kapiri Mposhi, inaperekedwa m'manja mwa eni ake. Atchaina oposa 60 anafera pa ntchitoyo, pamodzi ndi anzawo ambiri a ku Tanzania ndi Zambia.

Akulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, ndipo Zambia sinali yongolandira. Mu 1971 inali m'gulu la maiko amene anabweretsa ku United Nations chigamulo chopatsa boma la Beijing mpando wa China. Mu February 1974 Mao Zedong, pocheza ndi Kaunda, ndi pamene anafotokoza ganizo lake logawa maiko onse m'magulu atatu, naika China pamodzi ndi Africa. Ine ndimakhulupirira kuti ubwenzi wa masiku amenewo unali weniweni, ndipo wounyoza sadziwa mmene kutsekeredwa kunkawawira.

Komatu njanjiyo inadutsa kumpoto, ku Nakonde, Mpika ndi Serenje. Kum'mawa kuno tinangoimvera pa wailesi. Chimene chinatikhudza pang'ono ndi fakitale ya nsalu ya Mulungushi ku Kabwe, imene Atchaina anamanga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, chifukwa nsalu imafuna thonje, ndipo thonje ndi mbewu yathu.

Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 1990. Boma la Frederick Chiluba litayamba kugulitsa makampani a boma, China inabweranso, koma tsopano itanyamula chikwama cha malonda. Mu 1998 kampani ya boma la China inagula mgodi wa Chambishi umene unali utatsekedwa kwa zaka zambiri. Ntchito zinabwerera, madandaulo a malipiro ndi chitetezo n'kubwera nazo. Mu April 2005 fakitale yopanga zophulitsira miyala ku Chambishi inaphulika, n'kupha antchito oposa 40, onse a ku Zambia. Mkwiyo wa maliro amenewo unalowa m'chisankho cha 2006, pamene Michael Sata, amene ankapikisana nawo pa mpando wa pulezidenti, anadzudzula Atchaina poyera n'kuyamba kulankhula zokomera Taiwan, mpaka kazembe wa China anaopseza kuti ubale utha Sata akapambana. Sanapambane. Mtsogoleri wa China Hu Jintao anabwera mu February 2007, chaka chomwe fakitale ya Mulungushi inatseka zitseko. Sata atalowa m'boma mu 2011 anafewetsa mawu, pakuti wogula wamkulu wa mkuwa anali China yomweyo.

Nanga ku Sasare China imaoneka bwanji? Imaoneka pa denga la udzu, pamene kasola kakang'ono kagonekedwa padzuwa, waya wake n'kulowa pa zenera kukatchaja foni ya Itel kapena Tecno. Imaoneka pa njinga yamoto imene yanyamula mayi wodwala kupita naye ku Petauke. Zinthu zimenezi zasinthadi moyo, ndipo zafika pa mtengo umene mlimi angaufikire. Imaonekanso pa sikelo ya thonje. Kampani ya Atchaina inatsegula makina ochotsa njere za thonje ku Chipata m'zaka zoyambirira za m'ma 2000, n'kuyamba kupikisana ndi ogula ena: mbewu ndi mankhwala pa ngongole mvula ikamayamba, kudula ngongoleyo pa tsiku logulitsa. Mlimi amaima pambali pa sikelo, maso ali pa singano, zala zili zobayidwa ndi makoko a thonje, akuwerengera mumtima zimene zitsale. Mtengo wa pa kilo sanaupange iye. Thonjelo limachoka lili loyera mbuu, n'kudzabwera lili chitenje chosindikizidwa kunja.

Mitengo ya mukula nayo inatuluka m'nkhalango za dziko lino pa malole, kukasanduka mipando yofiira ku China, mpaka mu 2019 mtengowu unaikidwa pa mndandanda wa CITES wa zachilengedwe zofunika kuziteteza pa malonda.

Kenaka ngongole. Wochokera kum'mawa akamalowa mu Lusaka amadutsa mphambano ya ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, limene nyumba yake yatsopano inamangidwa ndi ngongole ya China, kenaka chipatala cha Levy Mwanawasa chomangidwa ndi Atchaina. Malo opangira magetsi a Kafue Gorge Lower, a mamegawati 750, nawonso anamangidwa ndi kampani ya Atchaina ya Sinohydro. Mu November 2020 Zambia inalephera kubweza ngongole zake zina zakunja, ndipo zinatenga mpaka June 2023 kuti maiko okongoza, motsogozedwa ndi China ndi France, avomere kutalikitsa nthawi yobwezera madola 6.3 biliyoni, ambiri mwa iwo a ku China. Apa sindingaloze chala Beijing yokha, chifukwa amene ankasaina mapepalawo ndi atsogoleri athu. Koma za pa 18 February 2025, pamene damu la zinyalala za asidi la kampani ya Atchaina ya Sino-Metals ku Chambishi linaphulika n'kuipitsa madzi a Kafue, mwini mlandu ndi wodziwika.

Mu September 2024 atsogoleri a Zambia, Tanzania ndi China, Hakainde Hichilema, Samia Suluhu Hassan ndi Xi Jinping, anachitira umboni ku Beijing pangano lokonzanso TAZARA. Nkhaniyi imatikumbutsa lonjezo lathu ife a kum'mawa. Mu 2016 boma linasainirana ndi kampani ya Atchaina ya CCECC kuti imange njanji ya makilomita pafupifupi 390, yochokera ku Chipata, kudutsa ku Petauke, kukalumikizana ndi TAZARA ku Serenje, pa mtengo woposa madola 2 biliyoni. Ikadamangidwa, thonje, mtedza ndi chimanga cha kuno zikadakhala ndi njira ziwiri zopitira kunyanja, ya Dar es Salaam ndi ya Nacala kudzera ku Mchinji. Ndalama zake sizinapezeke. Ana amene anabadwa chaka chosainiracho ali ku pulayimale tsopano, ndipo katundu wa ku Sasare akutulukabe pa lole, m'fumbi, kukafika pa tala wa Great East Road.