Mtengo Umodzi Umene Unatsala

Ku California, m'dziko la Amereka, kuli dera lotchedwa Orange County, dzina lokumbutsa malalanje. M'chaka cha 1948 minda ya malalanje kumeneko inapitirira maekala 60,000. Lero yatsala yoŵerengeka. Kodi inapita kuti?

Inagulitsidwa, umodziumodzi, ndi eni ake omwe. Tisafulumire kuŵaweruza. Nthenda yotchedwa tristeza inali kuumitsa mitengo. Anthu a m'deralo, amene anali 216,000 m'chaka cha 1950, anafika 704,000 m'chaka cha 1960, ndipo onsewo anafuna pokhala. Mtengo wa malo unakwera, msonkho wake nukweranso, mpaka zipatso zinalephera kuulipira.

Pakati pa ogulitsawo panali banja la Dominguez, la m'tauni ya Anaheim, limene linasunga munda wa maekala 10 kuchokera kwa makolo. Munda umenewu unali mbali ya maekala 160 amene Walt Disney anagula kuti amangepo malo a zisangalalo otchedwa Disneyland. Mitengo inazulidwa, ndipo malowo anatsegulidwa pa 17 July 1955.

Mwana wa m'banjamo, Ron Dominguez, anali ndi zaka 19. Analembedwa ntchito yolandira matikiti pachipata, pa nthaka yomweyo imene anakulirapo. Taganizani mnyamata akuloŵetsa alendo m'munda wa amai ake, mmene mitengo ya malalanje inali itazulidwa! Koma sanathaŵe. Anakwera pang'onopang'ono kufikira kukhala mmodzi wa akuluakulu oyendetsa malowo, napuma ntchito m'chaka cha 1994. Anamwalira m'chaka cha 2021.

Pa mitengo ya banjalo unasiyidwa kanjedza wobzalidwa m'chaka cha 1896, mphatso ya pa ukwati wa agogo ake. Anthu zikwizikwi akhala akudutsa pansi pake osadziŵa kuti ndi wamkulu kuposa zonse zimene anadzera kudzaona.

Munda wa zipatso suli ngati munda wa chimanga. Chimanga ubzala ndi kukolola chaka chomwecho, koma wobzala mtengo amabzalira adzukulu. N'chifukwa chake kuugulitsa kumaŵaŵa, ngakhale mtengo wake ukhale wabwino ndipo zifukwa zikhale zomveka. Ndalama zimagaŵika pakati pa ana, mthunzi sugaŵika. Tsono amene nthaŵi yamkakamiza kugulitsa asadziyese wopandukira makolo. Koma asanalembe dzina lake pa kalata, ayambe wayenda m'mundamo pamodzi ndi ana ake, ndi kuŵauza amene anabzala mtengo uliwonse.