Mawu anayi amene mwana awadziwe asanagwire kompyuta

Lembani pa bolodi EDQJZH, muwauze ana a Sitandade 6 kuti limeneli ndi dzina la dera lina la mu Blantyre muno. Posakhalitsa wina afuula kuti, "Bangwe!" Lembo lililonse lasunthidwa malo atatu: B wasanduka E, A wasanduka D. Umu ndi mmene Julius Caesar ankabisira makalata ake a nkhondo.

Pamenepa ana aphunzira kale mawu awiri. Oyamba ndi uthenga wobisa, umene munthu amauona ndi maso koma osaumva. Achiwiri ndi kiyi, kanthu kamene wotumiza ndi wolandira amagwirizana. Pano kiyi ndi nambala 3. Njira yobisira angaidziwe aliyense, chimene chimasungidwa pamtima ndi kiyi.

Achitatu ndi kuswa chinsinsi, ndiko kuwerenga uthenga ulibe kiyi. Al-Kindi, katswiri wa ku Baghdad wa zaka za m'ma 800, anaonetsa kuti chilankhulo chilichonse chili ndi malembo amene amabwera kawirikawiri kuposa anzake. Pa izi Chichewa chathu n'chophunzitsira chabwino kwambiri. Mawu athu amathera ndi lembo la liwu, a, e, i, o kapena u, ndipo lochuluka ndi a. Mwana akangoyang'ana kumapeto kwa mawu ndi kuwerenga lembo limene ladzaza paliponse, wapeza polowera.

Ajeremani anayesa kutseka polowerapo ndi makina otchedwa Enigma, amene mawilo ake ankazungulira nthawi iliyonse munthu akadina batani. Lembo limodzi linkatuluka mosiyanasiyana mu uthenga womwewo. Komabe Marian Rejewski wa ku Poland anatulukira mmene mawaya a mkati mwake analumikizidwira mu 1932. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, asilikali a Nyasaland a King's African Rifles akumenya ku Ethiopia, Madagascar ndi Burma, ntchitoyi inkapitirira ku Bletchley Park ku England. Kumeneko Alan Turing ndi anzake anagwiritsa ntchito chofooka cha Enigma: sinkatha kubisa lembo ndi lembo lomwelo. Mu 1940 makina awo otchedwa Bombe anayamba kusefa makiyi, kutaya osatheka mpaka kutsala ochepa.

Kusefa koteroko kukutifikitsa pa mawu achinayi, ndondomeko: malangizo osanjidwa bwino, loyamba, lachiwiri, lachitatu, oti ngakhale makina osaganiza n'kuwatsata osasokera. Pulogalamu iliyonse ya kompyuta ndi imeneyi. Mu 1944 Tommy Flowers, injiniya wa za matelefoni, anafikitsa ku Bletchley makina amagetsi otchedwa Colossus, oswa chinsinsi china cha Ajeremani chotchedwa Lorenz. Colossus ali m'gulu la makolo a kompyuta za lero. Atsikana athu amve izinso: mwa anthu anayi alionse ogwira ntchito ku Bletchley, pafupifupi atatu anali amayi.

Mawu anayiwa ali pakhomo pathu. Mayi wogulitsa tomato mu msika wa Ndirande akamalandira ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, chuma chake chatsamira pa nambala yachinsinsi. Akuba a pa foni savutika ndi masamu, amangonyengerera munthu kuti aulule yekha nambalayo. Mwana amene anaswapo chinsinsi cha mnzake m'kalasi amamvetsa chifukwa chake 1234 kapena chaka chobadwa si nambala yodalirika.

Aphunzitsi a ku Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri, musadikire kuti sukulu ilandire makompyuta kapena kuti magetsi ayake. Gawani ana m'magulu awiri, ena abise uthenga, ena auswe, kenako asinthane. Yambani teremu ino.